Ngalande ya a Kaliwo

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ngakhale ena amatsutsa kuti ndi wakale kuposa njerwa zonse za pa yunivesite. Mwina akunena zoona. Koma amene anaona dimba la a Kaliwo salowerera mkangano umenewu.

A Kaliwo ankagwira ntchito ku laibulale ya yunivesite ina ya m'tsinde mwa phiri. Ntchito yawo inali yomata mabuku ong'ambika. Mowa sankamwa, mpira sankaudziwa, bawo ankati n'kutaya nthawi. Mtima wawo wonse unali kuseri kwa nyumba imene sukulu inawapatsa, kumunsi kwenikweni kwa nyumba za ogwira ntchito. Kumeneko kunali mpiru, matimati, anyezi ndi khola la nkhunda pamwamba pa nsichi. Akaweruka ankangovula tayi n'kuyamba kupalira, nsapato za ku ofesi zili kuphazi.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Novembala anatha kumwamba kuli mbee. A ofesi yoyang'anira nyumba analetsa kuthirira mbewu ndi madzi a pampopi. Mpiru unafota, matimati anayoyola maluwa. A Kaliwo ankaima pakati pa dimba, manja m'chiuno, n'kumakalipira mitambo ngati ophunzira obweza mabuku mochedwa.

M'mphepete mwa dimbalo munkadutsa ngalande yaikulu ya simenti. Inkatenga madzi a mvula kuchokera ku nyumba zogona ophunzira, kubwalo la masewero ndi ku kafiteriya, n'kukawataya kumtsinje. A Kaliwo ankaiyang'ana ndi diso la nsanje.

"Mayi a Tiyamike," anatero tsiku lina kwa akazi awo, a Nachisale, "mvula ikabwera, madzi onsewa azingodutsa pakhomo pathu ngati alendo a eni? Ine ndiwaitana alowe."

"Bambo, chaka chatha munangogumula kamwala kamodzi. A ofesi anati chiyani?"

"Anati ndikadzaikhudzanso ngalandeyi tidzatuluka m'nyumba muno. Amangoopseza amenewo."

"Nyumba ino ndi ya eni. Ana sukulu yawo ili pompano. Tikatuluka tilowera kuti?"

"Ndiwo mukudya za m'dimba lomweli, koma kulinyoza simusiya."

Apa tisaweruze msanga. Dimbalo linkadyetsadi banja, ndipo ambiri amene ankawaseka a Kaliwo ndi omwe ankatuma ana kukapempha masamba. Kumva chisoni mbewu ikamafota si uchitsiru. Uchitsiru unali kufuna kuti mvula ya sukulu yonse igwere munthu mmodzi.

Loweruka a Kaliwo anadzaza mchenga m'matumba a feteleza, nawasanja m'ngalande mpaka kutseka. Kenako anagumula khoma lake mbali ya dimba, nakumba kamfuleni kolowera m'mabedi a mbewu. A Matewere, oyendetsa basi ya sukulu, amene ankakhala nyumba yoyandikana, anasuzumira pampanda.

"Achimwene, ndi damu la magetsi mukumangali?"

"Sekani lero. Mudzabwera ndi mbale kudzapempha matimati."

"Koma mukuzidziwa zimene imanyamula ngalandeyo? Kumtundako kuli chikhamu cha ana a eni, ndipo bini saidziwa."

"Zinyalala ndi manyowa," anayankha a Kaliwo, osasiya khasu.

Mvula inabwera masana ena, iwo ali kuntchito. Inagwa ngati kumwamba kwabooka. A Kaliwo anasiya buku guluu asanaume, naima pazenera akuwomba m'manja, mpaka ophunzira anachita kuwalozera chikwangwani choletsa phokoso. Nthawi yoweruka sanaidikire. Anathamangira kunyumba kuti akaone mbewu zikumwa.

Anapeza dimba palibe. Matope ofiira ochokera kumtunda konse anali atayalana pamenepo ngati bwalo. Pamene panali mpiru panali mabotolo, patapata zoduka, mawigi a atsikana ndi mafupa a nkhuku a ku kafiteriya. Khola linali litagwa, nsichi m'mwamba, nkhunda zofungatira mazira zitafera momwemo. Kamfuleni kaja kanali katasanduka mtsinje, ndipo mtsinjewo utathana ndi dimba unalowa khomo la kuseri, kudutsa m'khitchini ndi pabalaza, n'kutulukira khomo la kumaso.

A Nachisale anali ataima patebulo, mwana kumbuyo, wailesi pamutu. Sanalire. Anangoti, "Alendo anu aja afika, bambo. Ulendo uno sanangodutsa."

A ofesi anabwera m'mawa mwake. Matumba anali akadali m'ngalande, lililonse lili ndi dzina la a Kaliwo, lolembedwa mwaluso ndi dzanja lawo lomwe kuti asabedwe. Khoma la khitchini linali litang'aluka. Panalibe chokambirana: anauzidwa kuti atuluke m'nyumbamo. Ena anati a ofesi anachita nkhanza, pakuti munthu anali atalangidwa kale ndi madzi. Ena anati mwana akanakhala pansi tsiku limenelo, pakhomopo pakanamveka nyimbo za maliro. Onsewo anali ndi mfundo.

Katundu ananyamula ndi a Matewere, ndipo njira yonse sanaseke. Banja linakapeza kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, kopanda ndi popalasa nkhuku pomwe. Ana anayamba kulawirira mtunda wautali kupita kusukulu. A Kaliwo anabzala anyezi m'chitini cha penti, nachiika panja pa zenera.

Tsiku lina kunja kunada, mphepo n'kubweretsa fungo la dothi lonyowa. A Kaliwo anatulutsa mutu pazenera, nkhope ikuwala ngati kale.

"Ikanangogwako pang'ono," ananong'ona. "Anyeziwa ali ndi ludzu."

A Nachisale anali akupalabe matope ouma m'miyendo ya mipando ndi mpeni. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a Tiyamike, tsekani zenera. Walira mvula, walira matope."