Kuyeza Dzanja Lamanzere

Lolemba
Adokotala akuti sitiroko yandisiyira mphamvu ya 3 pa 5 m'dzanja lamanzere. Likafika pa 4, ndikhoza kukweranso njinga. Lamulungu chikwana chaka chimwalirireni akazi anga aNabanda, ndipo ndikufuna kukafika kumanda kwawo ku Mkanda ndikupalasa ndekha. Choncho ndiziliyeza tsiku lililonse. Kope lilipo. Pensulo ilipo. Dzanja lilipo pang'ono.

Lachiwiri
Ndikufinya zala za aJere, oyandikana nawo nyumba, monga ndinafinyira za adokotala. Akukuwa ndisanayambe n'komwe: "Mayo! Mwandithyola achimwene! Faifi!" Chifundo chawo n'chonyanya. Masana ndikufinya za alamu anga. "Wani. Khalani pansi, alamu." Awa njinga yanga akuyendera ndi iwo chiyambire Pasaka.

Lachitatu
Anthu amanama, chitsulo ayi. Kwa venda wogula mtedza kuli sikelo yopachika. Ndikukoka mbedza yake ndi mphamvu zanga zonse. Makilo awiri! Alimi pamzere akuseka: "Musadandaule bambo, sikelo imeneyo imatidyera tonse." Venda sakuseka.

Lachinayi
Njira yatsopano: kuswa mtedza ndi zala zamanzere mpaka nyimbo imodzi ya pawailesi ithe, n'kuwerenga makoko. Nyimbo yoyamba, 9. Yachiwiri, 31! Kenako ndikuzindikira kuti yachiwiriyo ndi ya kwaya, yosathaitha ija. Mtedza ndadya wonse.

Lachisanu
Amayi a kutchalitchi amva zoti ndikufinya anthu manja. Abwera asanu, atatu mwa iwo amasiye. Zotsatira:
4
5
"bwerezani, sindinamve bwino"
5, ndi mbale ya futali
6!
Pofika madzulo mudzi wonse ukuti ndikusankha mkazi. Ndaseka mpaka misozi, koyamba chaka chino.

Loweruka
Woyeza weniweni ndi buleki. Ndalanda njinga kwa alamu, ndikutsetsereka kamtunda ka kuseri kwa nyumba. Kupalasa, bwino. Mphepo kumaso, bwino kwambiri! Kuima, m'mizere ya mbatata ya aJere. Akundidzutsa, akundisasa dothi, akunong'ona: "Kapena filii, achimwene."

Lamulungu
Ndabwera pa kabaza, nditagwira mwini njinga m'chiuno ngati mkwatibwi. Basi, zili choncho. Kope lonse ndawawerengera aNabanda, ngakhale za futali zija. Iwo akanangoligwira dzanjali kamodzi n'kundiuza zoona. Tsopano ndikuzula udzu pamanda pawo ndi lamanzere lomweli. Ukuvuta, koma ukuzuka. Nambala sindilemba.