Mmene ndinaboolera chitini cha apongozi

Ukalakwa anthu n'kukutukwana, mtima umakhala pansi msanga. Chowawa n'choti amene wamulakwirayo asanene kanthu, m'mawa mwake n'kukupatsa moni ngati kale. Ine zoterezi zinandichitikira ndi apongozi anga aamuna, ndipo mpaka lero ndikaona msomali pansi ndimaulambalala.

Kwathu ndi ku Chitala, koma ndinatengedwa chitengwa kubwera kuno kufupi ndi Senga Bay. Amuna anga amaperekera zakudya pa loji ina kunyanja, amachoka m'mawa n'kubwera kutada, ndiye pakhomo timatsala atatu: ine, mwana wanga Tadala amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kukwawa, ndi apongoziwo. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanabwere (akanakhalapo iwo akanandigwira dzanja, nkhani ino sikanakhalapo). Apongozi aamunawo ndi msilikali wopuma. Maso anayamba kuwavuta, amaona zinthu ngati zili mu utsi, koma nsapato amapolisha okha, ndipo bulangete amalipinda ngati kukubwera akuluakulu kudzayendera. Salankhula zambiri. Ine amanditchula mayi a Tadala, ndipo ndikawapatsa madzi akumwa amathokoza ngati ndawapatsa mbuzi.

Tsiku lina ndinafuna kuphika therere, koma soda anali atatha. Ndinati ndivutikirenji, phulusa la zitsononkho lilipo. Kwathu timatenga chitini, n'kuchiboola kunsi ndi msomali, kuikamo phulusa, kuthira madzi, chidulo n'kumadonthera m'mbale. Chosowa chinali chitinicho. Ndinafufuza kuseri kwa nyumba, kudzala, kukhola la nkhuku, osapeza. Kenako ndinalowa m'kachipinda kosungiramo makasu ndi matumba, ndipo pamwamba pa khoma ndinaona chitini chamakona anayi, chopindikapindika, chakuda kunsi, chogwirira chake chawaya. Chinali ndi fumbi ndi ndowe za abuluzi. Ndinachitembenuza uku ndi uku n'kunena mumtima kuti anthu a pano amasunga zinyalala.

Sindinaboole bowo limodzi ayi. Ine ntchito sindigwira mwatheka. Ndinatenga msomali waukulu ndi mwala, ndinachikhoma bwinobwino, m'mizere, ngati ndikubzala mtedza. Therere la tsiku limenelo linafewa mosanena, apongozi anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala, nati chiyambire pamene anamwalira akazi awo anali asanadye therere lotere. Ine ndinagwada n'kuthokoza. Chitinicho ndinachikoleka kukhitchini ndi phulusa lake.

Panapita milungu ingapo. Mwera utaleka, kutentha kutayamba, apongozi anandiitana pakhonde. Anati Loweruka kukubwera mnzawo, a Che Saidi a ku Chipoka, ndiye ndigule masamba a tiyi ndi shuga, nditsukenso fulasiki. Kenako anati ndikwere m'kachipinda kaja, pamwamba pa khoma pali chitini, ndichitsitse, ndichitsukuluze ndi madzi okha.

"Musachikweche ndi mchenga, mayi a Tadala. Sichifuna kukandidwa."

Ndinayankha kuti ndamva.

Madzulo amuna anga atabwera ndinawakokera kukhitchini n'kuwaonetsa. Anachiyang'ana, anachikweza m'mwamba, anasuzumira pamabowo ngati akufuna kuona kutsidya, kenako anakhala pansi pa mtondo. Anati chitinicho ndi cha usilikali, chimene asilikali ankadyeramo ndi kumweramo kutchire, ndipo si cha bambo awo, n'cha mnzawo amene anamwalira ali pa maphunziro a usilikali kuno ku Salima, onse akali anyamata. Chaka ndi chaka anzawo ankabwera kukamwera tiyi mmenemo kufupi ndi kumene ankaphunzirako. Kale ankabwera ambiri, tsopano atsala awiri. Ndinawafunsa chifukwa chake chinthu chotere sanandiuze. Anati ndani akanaganiza kuti munthu angamenyane ndi chitini. Ndinawapempha kuti akawauze bambo awo ndi iwo. Anakanda m'mutu nati Loweruka ku loji kukubwera alendo ambiri (amuna anga ndi munthu wabwino, koma magazi a usilikali sanatengere).

Chanzeru chinali kupita kukagwada pamaso pa apongozi n'kunena. Ine ndinasankha zina. Ndinati maso awo saona bwino, ndikatseka mabowowo sadziwa.

Ndinayamba ndi sopo. Ndinamata kunsi, n'kuthiramo madzi, ndipo pasanapite nthawi chitini chinayamba kutulutsa thovu. M'mawa mwake ndinabereka Tadala, chitini m'jumbo, kukwera kabaza mpaka kwa bambo wina wokhoma zidebe ndi mbaula. Anachiona nati chitsulo cha mtundu umenewu mtovu sugwira, nandifunsa ngati chinawomberedwa ku nkhondo. Ananditumiza kwa owotcherera zitsulo. Awo anati akangochigunditsa moto wawo chisungunuka chonse, nditsala ndi chogwirira chokha. Ndinabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, mwana akulira kumsana, ine ndikulirira mkati.

Ndiye ndinakumbukira mmene timamatira ndowa ikang'ambika. Ndinathyola kachidutswa ka beseni lakale lapulasitiki, n'kukayatsa, n'kumadonthezera pa bowo lililonse. Nditamaliza ndinasalaza ndi mpeni wotentha, ndinapaka mwaye kuti kude ngati kale. Ndinathiramo madzi a mumtsuko n'kudikira. Ngakhale dontho. Ndinavina ndekha kukhitchini. (Madzi a mumtsuko ndi ozizira. Zimenezi mwana aliyense amadziwa, koma ine tsiku limenelo nzeru zinali zitapita kumudzi.)

Loweruka m'mawa a Che Saidi anafika pa kabaza. Ndi nkhalamba yaifupi, yovala kofiya woyera, pakamwa posatseka. Atangotsika anaima njo n'kumenya sawatcha, apongozi nawo anadzuka n'kubweza, kenako anagwirana manja nthawi yaitali. A Che Saidi amawatchula apongozi kuti a Kopolo, ndipo anayamba pomwepo kuwanena kuti akalamba ngati fulu. Popeza amuna anga anali atathawira ku alendo awo, wowaperekeza ndi fulasiki ndi chitini ndinali ine, Tadala ali kumsana.

Mkati mwa malo ophunzirirawo salola anthu wamba, pali chikwangwani ndi waya. Nkhalambazi zili ndi mlambe wawo m'mbali mwa msewu, pamene phiri limaonekera bwino. Tinakakhala pamenepo, iwo pa mizu, ine chapatali pang'ono pa chitenje. Apongozi anatembenukira kumene kuli phiri n'kufunsa ngati likadalipo.

"Lilipo, a Kopolo, koma lafupika. Tinalidya ndi mapazi."

Anayamba kukumbutsana. Zothamanga kukwera phirilo ndi thumba la mchenga kumsana, dzuwa la Salima likuwotcha chisoti. Zokwawa ndi mimba pa nseso mpaka malaya kusanduka nsanza. Za tsiku limene anawagoneka pa chitedze, gulu lonse n'kumadzikanda pa perete koma osaloledwa kusuntha dzanja. Za sajeni wina amene analamula a Che Saidi kupepesa kwa nyani chifukwa anamuseka. Apongozi amene pakhomo amangoti eya ndi ayi anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho. Kutali kunamveka mfuti za anyamata a masiku ano, nkhalamba zonse ziwiri zinatchera khutu, a Che Saidi nati ana amenewa akuwononga zipolopolo.

Kenako anafika pa Lufeyo, mwini chitini. Amene ankafotokoza ndi a Che Saidi, akuyang'ana ine, poti ndinali mlendo pa nkhaniyo. Lufeyo anali mnyamata wa kumapiri a ku Ntcheu, madzi aakulu amene ankawadziwa anali a pachitsime. Iye, apongozi ndi a Che Saidi ankagona tenti imodzi. Apongozi anali atataya chitini chawo pokwawa m'tchire, ndipo kutaya chinthu cha boma kunali ndi chilango choopsa. M'mawa wina atatuwo anamwa tiyi mosinthana m'chitini cha Lufeyo. Atamva kuti katundu ayenderedwa asananyamuke, Lufeyo anachilowetsa m'chikwama cha apongozi, nati inu mwalangidwa kokwanira sabata ino, ine andikalipira chabe. Anati akachitenga akawoloka. Tsiku limenelo ankaphunzira kuwoloka madzi akuya atagwira chingwe, katundu yense ali kumsana, nsapato kumapazi. Lufeyo chingwe chinamupulumuka. Anakamupeza asodzi tsiku lotsatira.

Apongozi anatambasula manja kuti ndiwapatse chitini.

Ndinawapatsa, ndinagwada, ndinatsegula fulasiki. Tiyi ndinali nditamuwiritsa kwambiri kuti asazizire panjira (ndanena kale, ine ntchito sindigwira mwatheka). Ndinathira. Poyamba zinali bwino. Kenako kunamveka kafungo ngati pena pake akuwotcha majumbo. Dontho linagwera pa nsapato yopolishidwa ija. Lina linagwera pa thalauza. Kenako mabowo onse anatseguka pamodzi, tiyi n'kumatsika ngati mvula ya pa malata.

Apongozi anapititsa chala chachikulu kunsi kwa chitini. Ndinaona chikuyenda pa bowo loyamba, lachiwiri, mzere wonse, n'kubwerera pa mzere wina. Pulasitiki wofewa anawamatirira ku chala. Ine mawu anangotuluka okha mosalongosoka: za soda, za phulusa, za wokhoma zidebe, za beseni. Tadala anamva ndikulira nayenso anayamba.

Apongozi anatambasula chikhatho chamanzere, anachiika kunsi kwa chitini n'kutseka mabowo onse, nati ndiwonjezere tiyi. Ndinati apsa. Anati ndithire. Ndinathira, tiyi akutuluka nthunzi, akudutsa pakati pa zala zawo n'kumayenderera mpaka m'kasukusuku. Nkhope yawo sinasinthe. Anamwa pang'onopang'ono, monga amamwera chaka chilichonse, kenako anapereka kwa mnzawo. A Che Saidi anapinda mkono wa mkanjo, anati bisimila, anaika chikhatho chawo pomwepo, anamwa. Atamaliza anayang'ana dothi lonyowa pakati pa mapazi awo.

"Zaka zonsezi timamwa tokha. Lero Lufeyo watenga yekha gawo lake."

Anafuna kuti tiseke, koma kenako anavula magalasi n'kuyamba kupemphera chapansipansi m'chinenero cha kumzikiti. Apongozi anagwira chitini chopanda kanthu pamiyendo mpaka pempherolo litatha. Ndiye anatembenukira kumene kunali kumveka kulira kwanga.

"Ndi therere lija?"

"Eya, bambo."

"Linali lokoma."

Basi. Panjira sananenenso za chitinicho, kunyumba sananene, kwa mwana wawo sananene. Chikhatho chinatuluka matuza, masiku angapo sankatha kugwira bulashi, ndiye nsapato ndinkawapolishira ndine. Ankazipapasa n'kuthokoza, ngakhale ndikudziwa kuti sizinkawala ngati mmene amachitira okha. Ndinafunsa amuna anga ngati tingapeze chitini china chofanana nacho. Anati mwina chingapezeke, koma chimenecho chidzakhala cha ndani?

A Che Saidi anamwalira mvula ya chaka chomwecho. Uthenga unatipeza atawaika kale, poti anzathu achisilamu sagoneka maliro. Apongozi anakhala pakhonde tsiku lonse atavala nsapato, osapita kulikonse. Ine chimene chinkandidya n'choti tiyi womaliza amene anthu awiriwa anamwera limodzi anali wonunkha pulasitiki, womwa akupsa, chifukwa cha ine ndi therere langa.

Ndinkaganiza kuti za kumlambe zathera pomwepo. Koma kutentha kutayambanso anandiitana pakhonde, nati ndigule masamba ndi shuga. Ndinafunsa mwaulemu kuti akamwa ndi ndani. Anati nanga inu mayi a Tadala pakamwa mulibe?

Tinapita atatu ndi Tadala, amene tsopano akuyenda yekha n'kumatola zipatso za mlambe. Ndinali nditaganiza zouziziritsa tiyi panjira, koma ndinati ayi, zowabisira zinthu bambo amenewa zinakwana. Chaka chimenechi manja awo anali atayamba kunjenjemera, chitini chinkagwedera tiyi asanathiridwe n'komwe. Ndinaika fulasiki m'dzanja limodzi, linalo ndinalilowetsa kunsi kwa chitini, pansi pa mabowo anga omwe. Anafuna kulichotsa, ine ndinakana. Aka kanali koyamba kuwakanira chinthu chilowereni pakhomo pawo. Anamwa, ndinamwa, ndipo anandifotokozera za Lufeyo kuyambira pachiyambi, ndi mawu awo, zimene chaka chatha anasiyira mnzawo.

Amene mwangolowa kumene pakhomo pa eni, chinthu chikaoneka ngati chinyalala koma chili pamwamba pamene mwana sangafike, funsani musanatenge msomali. Ine ndinafunsa mochedwa. Tiyi wa mufulasiki amawotcha, ndipo chaka chamawa, Mulungu akawasunga, ndikapsanso.