Tsiku limene apongozi anandibereka

Nkhaniyi ndimafuna kufa nayo, koma popeza ku Lifidzi ayamba kale kuithira mchere, bola muimve kwa mwini wakene.

Ine ndine pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, ku Ulongwe, munthu wolemekezeka ndithu (kapena ndinene kuti ndinali). Mlongo wa mkazi wanga, alamu anga a Zakariya, amagwira ntchito yoperekeza alendo pa mabwato mumtsinje wa Zambezi, kumtunda kwa Tete. Masana amapalasa, dzuwa likapendeka n'kumanga mahema pachilumba. Pa feriya ya chaka chatha, sukulu zitatsekera, alendonso atachepa, anatiitana kuti nafenso tikalawe: ine, mkazi wanga, ndi apongozi anga aakazi, mayi wachikulire wolima kachewere ku Lifidzi. Dziwani kuti zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, ine ndi mayi amenewa tinali tisanayang'anepo m'maso. Moni tinkapatsana titanjuta, wina kuyang'ana kum'mawa, wina kumadzulo.

Vuto linayambira mu shapa, minibasi yakwathu kuno, tikutsika mapiri. Mkazi wanga anati akuopa madzi. Ine m'malo mongoti pepa, pakamwa panayamba kuyabwa.

"Madzi? Ine ndili pa kurso ya uphunzitsi ku Tete ndinkapalasa bwato Lamulungu lililonse. Bwato ndi njinga chabe."

(Zoona zake, Zambezi ndinkamuwoloka pa mlatho, nditatsinzina.)

Titafika kumtsinje, alamu anatiimika pamchenga n'kutipatsa aliyense kolete, kajekete koyandamitsa munthu kaja. Ine ndinangokakoleka osamanga zingwe, kuti ndioneke wozolowera.

"Mvetserani," anatero alamu. "Mukamva mvuu, osaimirira. Mukaona ng'ona, osaimirira. Chilichonse chichitike, m'bwato osaimirira."

Ndinkagwedeza mutu ngati mnzawo wa pantchito.

Mabwato anali awiri, lililonse la anthu awiri. Mkazi wanga, amene amandidziwa bwino, anathamangira la mlongo wake. Apongozi anayankhula akuyang'ana pansi: "Ine ndikwera ndi bambo a Tereza, popeza ngodziwa madzi."

Anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kowongolera. Ndinaviika nkhafi mwamphamvu zanga zonse, bwato n'kuzungulira. Ndinaviikanso, linazunguliranso. Mlambe umodzi womwewo ndinautsanzika katatu.

"Kodi taiwala kanthu kumtunda?" anafunsa apongozi osacheuka.

"Ayi amayi, ndikuyesa kaye madziwa."

Mwa chifundo cha Mulungu, mtsinje unatitenga wokha n'kuyamba kutsetsereka nafe. Abale, kukoma kwake! Mbalame zofiira zikutuluka m'mauna a m'gombe, anyani akutiyang'ana pamiyala, kamphepo kakuwomba. Mantha onse anathawa. Ndinayamba kuyimba nyimbo ya kwaya, besi yeniyeni, kwinaku ndikuwafotokozera apongozi mayina a mbalame amene ndinkangopeka pomwepo. Ndinafika polakalaka ana a kalasi yanga akanandiona.

Kenako, chakumanzere: "Hooo! Ho-ho-ho-ho!"

Mvuu. Alamu amalumbira mpaka lero kuti inali kutali ngati kuchokera kumsika wa Ulongwe kukafika kutchalitchi. Ine ndinaimva m'khutu mwenimwenimu. Ndipo ndinachita chinthu chimodzi chokha chimene anatiletsa katatu konse. Ndinaimirira.

Phava! Thambo linapita pansi, madzi pamwamba. Kolete inavuka yokha n'kupita kwawo. Ndinamwa Zambezi wokwanira kuthirira dimba, ndikuphiriphitha, mpaka manja anga anagwira chinthu cholimba. Ndinachikumbatira ndi manja, ndi miyendo yomwe, maso ali tsinzi, ndikukuwa: "Mariya Woyera! Ndafa ine! Ana anga!"

Chinthu chija chinayankhula.

"Apongozi, tsikani. Madziwa ngolekeza m'chiuno."

Nditatsegula maso ndinaona mpango. Pansi pa mpangowo panali khosi. Ndinali pamsana pa apongozi anga, miyendo nditaipinga pamimba pawo ngati khanda la miyezi isanu ndi umodzi. Tinagubuduzikira pamchenga wosaya, ndipo iwo anali ataima nji, nkhafi yawo ili m'manja.

Apa munthu wanzeru akanatsika. Ine ndinakumbukira ng'ona.

"Amayi, pepani kwambiri," ndinanong'ona, "pansipo sindipondapo."

Anapuma mpweya wautali, n'kundikankhira m'mwamba pang'ono monga achitira ndi thumba la kachewere, n'kuyamba kuyenda. Alamu anabwera msanga n'kuika bwato lawo pakati pa ife ndi mvuu ija, akumenya nkhafi m'mbali mwa bwato kuti isayandikire, koma kumenyako kunkadukizaduka chifukwa cha phwete. Mkazi wanga sankaoneka n'komwe. Anali atagona chagada m'bwato, miyendo yokha ikugwedezeka.

Apongozi ananditula pachilumba. Chikwama changa cha zovala chinali chitapita (pano mwina chikuyandikira kunyanja ya mchere), ndipo buluku linali litang'ambika kuyambira kumbuyo mpaka pabondo. Mtolo wa apongozi unali m'bwato la alamu, wouma bwinobwino. Anamasula, n'kutulutsa kapulana, chitenje cha maluwa achikasu.

Ndiye tangoganizani pulofesolo wathunthu, atakhala pakhomo pa hema, atamanga kapulana ya apongozi pachifuwa, akudya nsomba yowotcha mwaulemu. Aliyense ankayesetsa kuyang'ana kwina. Kenako apongozi anatukula mutu n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire.

"Komatu mwapepuka, bambo a Tereza. Kodi mwana wangayu sakukudyetsani?"

Alamu anatsamwa ndi munga wa nsomba. Ine ndinaseka mpaka misozi, chifukwa china n'kuchitanso chiyani?

M'mawa mwake bwato langa analimangirira ku la alamu ndi chingwe, nkhafi n'kupatsa apongozi. Ine ntchito yanga inali kukhala pansi.

Ndinaphunzirapo kuti wofuna kunama aziyamba waona ngati pansi pali pouma. Koma chilango changa sichinathe. Lamulungu lapitali ku Lifidzi, Misa itangotha, anthu ali mbwee pabwalo, panali kachithaphwi ka mvula patsogolo pa khomo la tchalitchi. Apongozi anaima pamenepo, anandiyang'ana, anawerama n'kudzisisita pamsana.

"Bambo a Tereza, mukwera?"