Galimoto ya a Zuze ndi tulo ta Mphatso

Lolemba

Mphatso akulirabe. Kuchipatala akuti si matenda, ndi mpweya wa m'mimba, zidzatha zokha. Zokha liti? Amake Mphatso maso ali psuu. Akuti apongozi atumiza uthenga kuchokera ku Thyolo: abwera Lamulungu, ndipo akapeza mwana akulirabe atenga onse awiri, mwana ndi make, akakhale kumudzi mpaka ayambe kuyenda. Mpaka ayambe kuyenda! Mwana woti khosi silinalimbe.

Koma lero ndaona chinthu. A Zuze, aneba athu oyendetsa takisi, afika madzulo, aimika galimoto pafupi ndi windo lathu, injini osazimitsa. Ikulira du-du-dum, kaye, du-du-dum, ngati munthu wotsimphina akukwera chitunda cha kuno ku Zingwangwa. Mwana zii. Wagona, kukamwa yasa!

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma chinthu chikamagwira ntchito ndimachiona. Pulani:
— a Zuze azifika madzulo alionse
— injini asamazimitse msanga
— apongozi apeze mwana ali m'tulo, amwe tiyi, azipita.

Lachiwiri

Zathekanso! Ndapita kukathokoza, ndawauza kuti galimoto yawo ili ndi mawu okoma. A Zuze akwinya nkhope, akuti ndikuwaseka. Akuti injini yawo ndi ya masilinda anayi, timigolo tomwe petulo amapseramo, koma pulagi imodzi, kachitsulo koyatsa moto m'katimo, inafa, ndiye ikuyendera atatu. Apasinjala akudandaula kuti mano akugundana.

"Mawa ndikakonzetsa, aneba, phokoso litha."

Ndawapempha kuti asathamange nazo, zinthu zimafuna kufatsa. Akundiyang'ana ngati ndamwa.

Lachitatu

Akonzetsa. Munthu woti mpanda wake unagwa chaka cha riferendamu mpaka lero osaudzutsa, pulagi wagula tsiku limodzi!

Injini tsopano ikungoti mmmm, myaa, ngati kwaya ya amayi. Mphatso wamvetsera pang'ono, kenaka wakweza kuposa kale. A Zuze akunyadira, aika kapu ya madzi pa boneti, madzi osagwedera. Akuti anayi ali ngati nthawi ya chipani chimodzi: onse mawu amodzi, wotsokomola palibe. Atatu ali ngati nyumba ya malamulo ya masiku ano, aliyense akulankhula pomwe wafunira, galimoto njenjenje koma ikuyendabe. Ine za ndale ayi. Ndikufuna mwana agone.

Chothandiza chimodzi chokha: akuti kuli timagalimoto tina tobadwa ndi masilinda atatu, tosawonongeka. Mawa ndikasaka.

Lachinayi

Benchi yanga ya misomali ndi maloko kumsika ndatseka masana. Mwana kumbuyo, ine m'mbali mwa msewu, khutu tcheru. Azimayi a tomato akufa ndi phwete: "Abambo, kodi bere muli nalonso?"

Zomwe tamva:
— minibasi: kutsokomola ndi utsi basi. Walira.
— magalimoto a mabwana: anayi onse okhuta, ulemu wokhawokha, kudutsa osamveka. Walira.
— kagalimoto kofiira ka abambo ena a tayi, kaima pogula nthochi. Ndafunsa mwaulemu. Akuti inde, ndi atatu, sikamwa petulo.

Ndayandikitsa mwana. Kakulira trrrr ngati kagalu kakang'ono kolusa, chiwongolero chikunjenjemera chokha. Kamtima kali pamwamba kameneka, kofuna ndewu ndi malole, koma sikatsimphina. Atatu akewo akugwirizana, palibe mpata wa mnzawo wakufa. Mphatso watseka diso limodzi, kudikira ka "kaye" kaja. Sikakubwera. Walira mpaka a tayi aiwala nthochi.

Ndiye kuti mwana wanga safuna atatu enieni. Akufuna anayi, mmodzi ali pantchito koma osagwira ntchito. Ameneyu akadzakula adzalowa m'boma.

Lachisanu

Ndikuyesa ndi pakamwa. Kuseri kwa nyumba, mwana paphewa, du-du-dum, kaye, uku ndikudumphira mwendo umodzi kuti azigwedera. Mayi a landilodi aona. Dzuwa lisanalowe nkhani yafika kumpopi yoti bambo a Mphatso alowa mpingo watsopano, akulankhula malilime. Mkulu wina wabwera kudzafunsa ngati ndimapemphereranso osowa ntchito.

Mwana sakunamizika. Akundiyang'ana, akudziwa kuti si injini.

Amake Mphatso achapa matewera onse, akupinda zitenje. Chikwama chatuluka pansi pa bedi.

Loweruka

Madzulo a Zuze asiya injini ikulira, boneti yotsegula, alowa m'bafa. Waya wopita ku pulagi yatsopano ija ndikuuona. Ndingousolola pang'ono, mwana agone, ndibwezere. Ndalakwira ndani?

Palibe anandiuza kuti mawaya amaluma! Moto wadutsa m'dzanja mpaka kuchidendene, ndapezeka ndili khale m'matope, waya wothothoka uli m'manja.

Du-du-dum, kaye. M'nyumba zii.

Ndaulowetsa pamalo pake kuti uzingooneka. A Zuze atuluka ndi thaulo, amva, ayamba kutukwana makaniko. Akuti demokalase yaononga dziko, aliyense akugulitsa zabodza. Makanikoyo ali kumaliro, abwera Lolemba. Ine ndikuvomera ndi mutu, dzanja lolumidwa lija ndabisa m'thumba.

Tapulumuka! Mawa apongozi adzionera okha.

Lamulungu

Takisi Lamulungu imalawira kukanyamula opita kutchalitchi. Izi sindinaziganize.

Apongozi afika m'mawa, pabwalo palibe galimoto, Mphatso ali pakati pa nyimbo. Tiyi akana. Ndawapempha adikire madzulo, mankhwala akubwera pa matayala. Ayang'ana mwana wawo. Iye akuyang'ana pansi. Za malilime zija awauza kale pamsewu.

Masana a Zuze atulukira, ndipo mwa ukoma mtima wawo adzipereka kutiperekeza ku depoti ya ku Limbe ulere. Takwera. Aliza injini. Du-du-dum, kaye. Tisanafike ndi pamsika pomwe, mwana wafooka ngati nsanza, kukamwa yasa.

"Mwaona, bambo a Mphatso? Wangomva kuti akupita kwawo, wagona. Mwanayu tauni sakuifuna," akutero apongozi.

Ndayamba kufotokoza za masilinda. A Zuze akutchera khutu kutsogoloko. Ndakumbukira waya uja, nkhani ndaisiyira pomwepo.

Basi yapita. Amake Mphatso akuti ndizithirira maluwa awo a m'zitini, ndipo mpingowo ndiusiye.

Madzulo a Zuze aimika pawindo paja, injini osazimitsa, akufufuza chomwe chavuta. M'nyumba ndili ndekha, pabedi patsala kasokosi kamodzi. Ndakhala pampando kuti ndiganize pulani ina.

Du-du-dum, kaye.

Ndadzidzimuka khosi likuwawa, nsapato zili kuphazi, kukamwa yasa. Mankhwala ndi abwino ndithu. Wodwala ndiye wapita ku Thyolo.