Nyimbo imene inandidutsitsa pa Chitawira

Pali anthu m'tauni muno amene akandiona amayamba kugwedeza mutu ngati akumva ng'oma, kenako n'kuseka. Amenewo ndi abale ake a Felista. Musawaimbe mlandu. Bola nkhaniyi ndikuuzeni ndekha ena asanaithire mchere.

Ine pa nkhani ya nyimbo ndine wovuta, ndipo kuvutako ndinkakunyadira. Ku ofesi kwathu ku Limbe anzanga akatsegula tinyimbo tawo tamasiku ano, tija woimba amayamba ndi kutchula dzina lake, la amene wamujambula ndi la dera lomwe amachita lendi, ndinkawauza kuti imeneyo si nyimbo koma kalembera. Ndinkawaphunzitsa (osapemphedwa) kuti nyimbo yabwino imakudikiritsa. Imayamba pang'onopang'ono, besi ikuyenda ngati munthu amene sakuthamangira kulikonse. Kenako pamafika pena pamene zida zonse zimangoti zii, n'kutsala gitala yekha akulira, ng'oma n'kubwerera zonse pamodzi. Ndinali ndi lamulo langa loti nyimbo yotere siidulidwa pakati, ngakhale nyumba ikupsa.

Inalipo imodzi yoposa zonse, yakalekale, imene ndinkaimva pa wailesi ya bambo anga ndili mwana. Woimba wake sindinkamudziwa. Ndinaisaka mpaka kwa oika nyimbo m'mafoni ku msika, ndikuwaimbira ndi pakamwa, iwo n'kumandiyang'ana ngati ndayamba kudwala.

Tsono Loweruka lina linali tsiku loti ndikaonekere kwa a Zuze, malume ake a Felista, ku Chitawira. Felista ndi amene ndinkafuna kumanga naye banja, ndipo poti bambo ake anamwalira, mawu onse anali kwa malumewa. Anandichenjezeratu kuti a Zuze ndi telala wakale, makolo awo anachokera ku Mozambique akuyenda wapansi, choncho sakhulupirira kuti munthu wokwera galimoto angakhale ndi chifukwa chochedwera. Tinagwirizana kuti Felista andidikira pa siteji chifukwa nyumbayo sindinkaidziwa.

Ndinakwera minibasi ku Limbe nthawi ikadalipo, n'kukhala mpando wakutsogolo, cha kuwindo, kuti jekete isakwinyike (inali ya msuweni wanga). Titangodutsa Kanjedza dalaivala anadina foni yake, ndipo m'masipika munayamba besi. Inali yomwe ija.

Ndinamupempha kuti akweze. "Mumaidziwa, bigi? Iyitu ndi ya madala," anatero akukweza. Ndinayamba ndi phazi, kenako mutu, kenako ndinapezeka ndikumenya ng'oma pa dashibodi, ndikuimba mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawakumbukira. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati bambo akutsogolowo ali bwinobwino.

Vuto linali loti nyimbo ndi minibasi zinkayendera limodzi. Pamene malo a gitala aja ankayandikira, kondakitala anakuwa kuti Chitawira otsika, minibasi n'kuima. Nditayang'ana pawindo ndinaona Felista atavala diresi yake ya kutchalitchi. Pambali pake panali bambo wachikulire wa suti ndi ambulera. A Zuze anali atabwera okha kudzandichingamira (ulemu umene ndinamva pambuyo pake kuti sanapatsepo mkamwini aliyense). Felista anakweza dzanja akumwetulira. Anali pafupi moti akanatha kundigwira kolala.

Apa munthu wanzeru amatsegula chitseko. Ine ndinayamba kukonza mapulani mumtima: gitala alire kaye, nditsike siteji yotsatira, ndibwerere mothamanga, mlandu ndikankhire kondakitala. Ndiye ndinatsinzina. Inde, bambo wandevu zake, ndinatsinzina ngati mwana amene amaganiza kuti akatseka maso anthu samuona, mutu ukugwedezekabe. Minibasi inanyamuka.

Foni yanga inayamba kunjenjemera m'thumba, ine osaigwira. Besi inaima, ng'oma zinati zii, ine n'kukweza chala m'mwamba kuti gitala alowe. M'malo mwa gitala, m'masipika monse munalira foni ya dalaivala, iye n'kuyankha pompo. Anali akazi ake.

"Bambo a Junior, mayunitsi atha kuno, ndipo nyemba zili pamoto."

Minibasi yonse tinamvetsera nkhani ya nyembazo mpaka tinadutsa Kamba. Tinamvanso za mlamu wina amene sachoka pakhomo. Atamaliza, foni inalumphira ku nyimbo ina, ya mnyamata wotchula dzina lake. Ndinamuchonderera dalaivala kuti abweze ija, koma anati zimangodzisankha zokha, iye akuyendetsa, ndimusiye. Ndinatsikira cha ku Mandala, gitala osamumva.

Ndinabwerera pa kabaza, ndipo pa siteji panalibe munthu wanga. Nyumba ya a Zuze ndinaipeza mochita kufunsa, jekete itanyowa ndi thukuta. Anandilandira mwaulemu, ndipo ulemuwo unandiwawa kuposa ndodo. Anandipatsa mpando, n'kundifunsa dzina, kwathu, mpingo ndi kumene ndimagwira ntchito. Nditangoyamba kufotokoza za mwano wa makondakitala a masiku ano, anakweza dzanja.

"Ayi bambo, musavutike. Tinakuonani, mumaimba bwino," anatero mofatsa. "Ine ndasoka masuti a akwati ambiri, ndipo amuna othawa ukwati ndawaonapo. Koma wothawa akuvina, ndinu woyamba."

Kukhitchini kunamveka anthu akuseka mobisa. A Zuze anati nkhani yanga aimva, akambirana pabanja, andiyankha. Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti yankho lotero silifika.

Felista anandiperekeza mpaka pa geti. Ndinkayembekezera kuti andikalipire, ndipo ndinali nditakonzeka kupepesa mpaka kugwada. Sanakalipe. Anangondifunsa, ndi ulemu umene sanandipatsepo chiyambire chibwenzi chathu:

"Ndiuzeni chinthu chimodzi. Munandiona kapena simunandione?"

Bodza linali pakamwa kale, koma maso ake anali ofiira, ndipo linandikanika.

"Ndinakuona."

"Bola mukananama," anatero, n'kutseka geti pang'onopang'ono.

Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe, chifukwa mkazi uja ndinkamukonda. Anzanga aku ofesi nkhaniyi anaimva lisanafike Lolemba, moti masiku ano ndikangotsegula pakamwa za nyimbo amandifunsa ngati palibe amene ndamusiya pa msewu. Amati kaya ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunziradi. Pano nyimbo ikome bwanji m'minibasi, ndikafika pa siteji yanga ndimatsika msangamsanga, kungoti palibenso amene amandidikira.