Filimu Imene Ndinaonera Theka

Mpaka lero aNangozo a ku Golomoti akandiona pamsika sandipatsa moni ngati anthu ena onse. Amangoti, "A nkhoswe, mwaonera mpaka kumapeto?" kenako n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndimangowerama ngati ndikusankha tomato. Mlandu ndi wanga, sindikukana, ndipo ndaganiza zoulula ndekha anthu asanathiremo mchere wawo.

Ine ndimakonza mawailesi ndi mafoni pa Mtakataka. Ndili ndi mphwanga Fabiano, mwana wa achemwali anga, mnyamata wamtali wa kabaza, wodziwa kutchena. Iyeyu anapeza mbeta ku Golomoti, dzina lake Sitela, mtsikana wofatsa amene sukulu anaifikitsa Folomu 4. Pokhala malume, unkhoswe unagwera ine.

Vuto linali limodzi lokha: Fabiano ankabetcha mpira pafoni. Azakhali ake a Sitela, aNangozo omwewa, anali atamvako mphekesera, ndipo tsiku loyamba kukumana anandifunsa maso ndi maso. Ananenetsa kuti mwana wawo sangamupereke kwa munthu wa juga. Ine ndinadzigunda pachifuwa n'kunena kuti, "Mayi, mnyamata ameneyu ngakhale bawo salidziwa." (Mulungu andikhululukire, dzulo lake ndinali nditamuuza ndekha timu yoti aikepo.)

Tsono masiku amenewo ndinali nditagula chimbale cha filimu yakalekale kwa mkulu wina wa kaunjika. Inali ya azungu, ya mayi wina wanthabwala amene ankaseketsa anthu pasiteji, woimba ngati wameza wailesi. Anthu ankamunena kuti nkhope ndi yosakoma, koma kunabwera bambo wina wa suti, ndevu zometa bwino, n'kumukonda momwemo. Ndinaionera tsiku la mitambo, ndipo batire la sola linatha awiriwo atangokwatirana. Sindinadandaule. Ndinati basi, akwatirana, chatsala n'chiyani? Kubereka ana ndi kukalamba.

Loweruka lina mu Novembala mabanja awiri anakumana kwathu kudzasankha tsiku la chinkhoswe. Zokambirana zinayenda myaa, tsiku linapezeka msanga, pomwe mpunga ndi nkhuku zinali zisanapse. Munthu wanzeru akanagawa mango n'kukhala chete. Ine ayi. Ndinaimirira, ndikukonza kolala, n'kulengeza kuti ndili ndi filimu ya maphunziro a banja, ndipo ndizimasulira ndekha.

"Mwaionera yonse, bambo a Chisomo?" anafunsa akazi anga ali pakhomo ndi chipande m'manja.

"Iwe ona za nkhuku," ndinatero. Mawu amenewo ndimawakumbukira ndi manyazi.

Tinadzazana pabalaza, malata akuthetheka ndi dzuwa. Panalinso Che Bwanali, msodzi woyandikana nafe, amene anangobwera kudzatenga wailesi yake koma ataona kanema anakhazikika pathumba la mpunga.

Poyamba zinandiyendera. Mayi uja akagwa pasiteji, anthu kuseka. Akatong'ola maso, achemwali anga misozi mbwee. Che Bwanali okha ndiwo anali ndi dandaulo.

"Koma anthu awa ali bwinobwino? Munthu wamufunsa funso, iye m'malo moyankha akuimba. Ine mkazi wanga atandiyankha ndi nyimbo ndingaitane ashehe."

"Musiyeni aimbe," anatero aNangozo. "Mkazi wodzidyetsa yekha ndi pakamwa pake ndimamulemekeza. Koma nsalu anamumana, miyendo yonse ili pamtunda."

Bambo wa suti uja atatulukira, amayi onse anati "Eee!" Apa m'pamene satana anandikhala palilime. Ndinaimitsa filimu, ndinaloza kanema, kenako ndinaloza mphwanga.

"Taonani bwino, aNangozo. Kaimidwe, kayendedwe, ulemu. Uyu ndi Fabiano ndendende. Zimene muone bambo uyu akuchitira mkazi wake, n'zimene Sitela akazione kunyumba kwake. Ine nkhoswe ndasainira."

Anthu anaomba m'manja. Fabiano anamwetulira, maso ali pafoni imene anaibisa pakati pa mawondo. Sitela anangoyang'ana pansi.

Ukwati wa m'filimu unachitika, nthungululu zinamveka pabalaza panga, ine n'kudzuka kuti ndizimitse. Koma filimu sinathe. Ndinayang'ana kanambala ka nthawi pansi pa kanema: panali patatsala pafupifupi ola lathunthu.

"Khalani pansi, a nkhoswe, mukutitchinga," anatero aNangozo.

Sipanapite nthawi, bambo wa suti uja anakhala patebulo ndi anzake, utsi wa fodya tolo, makhadi m'manja.

"Akutani pamenepo?"

"Ndi kuntchito kumeneko," ndinayankha. "Akuwerenga malisiti."

"Malisiti a mtima wofiira?" anatero Che Bwanali. "Iyo ndi juga, achimwene. Kudoko timaiona tsiku ndi tsiku. Ndipo taonani mmene wagwirira, ameneyu ndi katswiri, sanayambe lero."

Ndinati mwina aluza kamodzi n'kulapa, mafilimu amatero. Ayi ndithu. Bamboyo ankangolowerera, nyumba yabwino ija inapita, mkazi akuseketsa anthu kusiteji, pobwera kunyumba n'kupeza mwamuna nkhope ili gwa. Ine kumasulira kwanga kunayamba kufupika. Mzungu akalankhula mpaka kutuluka thovu, ine ndinkangoti, "Akuti zikomo."

"Mawu onse aja ndi zikomo?" aNangozo anandiyang'ana cham'mbali. "Sitela, mwana wanga, fizi tinalipira. Tatiuza iwe zimene akunena."

Sitela anayamba kumasulira ndi mawu ake ofatsa aja, osadumpha kanthu. Ine ndinasendera kumbuyo kwa kanema mwakachetechete, ndinakoka waya ndi chala chakuphazi, kanema n'kuti zii.

"Aaa, pepani, batire latha," ndinatero, ndikupukusa mutu ngati zandikhudza.

"Latha bwanji?" anatero akazi anga, amene anali atangolowa ndi beseni la madzi osamba m'manja. "Dzuwa lonseli? Waya ndi uyu wazuka apa." Anaubwezera ndi manja awo. Zaka makumi awiri za banja, sanandithandizepo mwachangu chotero.

Kanema atayaka, apolisi anali atafika kale kudzagwira bambo wa suti uja. Sindinayesenso kunena kuti ndi anzake a kuntchito. Mayi wanthabwala uja anaima yekhayekha. Achemwali anga anayamba kufwenthera m'chitenje.

Nthawi yomweyo Fabiano, amene filimu yonse sanaione n'komwe, anamenya bondo lake n'kufuula:

"Aaa! Timu imodzi yokha! Yandiphera tikiti!"

Abale anga, anthu onse anatembenuka. Loweruka masana, mpira wa kunja uli mkati, ine nkhoswe osaganizako zomulanda foni. Mnyamata anadzutsa mutu, anaona maso onse ali pa iye, n'kufunsa kuti, "Yatha filimu?"

"Yako ndiye yayamba kumene," anatero Che Bwanali.

Zitatero aliyense anali ndi maganizo ake. Achemwali anga anati mkazi wa m'filimuyo ndiye analakwa, anatchuka kwambiri mpaka mwamuna kuchita manyazi. ANangozo anati, "Manyazi amagulitsa nyumba? Mwamuna ameneyu ndi chiswe chovala suti." Malume ake a Sitela anati iwo chinawakhumudwitsa n'chakuti m'filimu monse simunaoneke nkhoswe ngakhale imodzi, n'chifukwa chake banja linapasuka. ANangozo anawayankha akuyang'ana ine: "Bola kusowa nkhoswe kusiyana n'kukhala ndi yonama."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinayamba kufotokoza za mitambo ndi batire, koma Sitela anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Malume, ndilankhuleko?" anandifunsa.

Pamwambo sankayenera kutero, koma ndani akanamuletsa? M'kanema mayi uja anali akuimba nyimbo yomaliza, misozi ikutsika, anthu akumuombera m'manja.

"Za kubetcha ndinazidziwa kalekale," anatero Sitela. "Ndimadikira kuti wamkulu wina anene, poti ine ndikanena zimaoneka ngati mwano. Fabiano ndimamukonda, sindibisa. Koma mayi uyu akalira, anthu amamuombera m'manja, chifukwa amalira moimba. Ine kuimba sindidziwa, malume. Ndikadzalira ndidzangolira basi, ndipo ndidzabwera kudzalirira pakhomo panu pano, poti mwasainira ndinu."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chipongwe chonse cha aNangozo. Ndinali nditatanganidwa ndi kupulumutsa mphwanga, osaganizako kuti mwana wa eni akewa ndiye adzasenze mtolowo. Ndinavula chipewa, ndinapepesa, ndipo ndinaulula zonse, ngakhale za timu ndinamusankhira ija. (Imeneyonso inaluza, ngati mukufuna kudziwa.)

Nkhuku tinadya, koma inkadutsa pakhosi ngati chitsononkho. Chinkhoswe chinaimitsidwa mpaka anthu atakolola mpunga. Foni yaikulu ija Fabiano anaisiya m'manja mwa Sitela, ine n'kumupatsa kafoni kamabatani kamene mwini wake anakathawa pa benchi yanga. Miyezi isanu ndi iwiri mnyamata anayenda ngati wodwala malungo Loweruka lililonse, koma anapirira. Ineyo ntchito yanga inali yokwera minibasi mwezi ndi mwezi kukapereka lipoti ku Golomoti, ndipo aNangozo sankalilandira asanafunse kaye anthu ena awiri.

Ukwati unachitika ku tchalitchi ku Mua chaka chotsatira. Kumadyerero anandipatsa maikolofoni ngati nkhoswe, ndipo mukudziwa kale mmene pakamwa panga pamakhalira. Ndinakonza kolala, ndinayang'ana awiriwo atakhala pampando wamaluwa, n'kunena kuti, "Abale, lero nkhani ya ana athuwa yatha bwino."

Kuchokera kumbuyo kwa tenti kunamveka mawu a aNangozo, opanda maikolofoni koma omveka mpaka kumsewu:

"A nkhoswe, khalani pansi! Apa m'pamene batire lanu linathera paja. Theka linalo tikaonera limodzi."

Ndinakhala pansi. Mpaka lero Loweruka lililonse masana ndimadutsa kwa Fabiano ngati ndikungopita kwina, n'kusuzumira kuti ndione chimene chili m'manja mwake.