Mkamwini ndi Fodya wa Mame

Anzanga, inu mumati thupi ndi lanu? Dikirani lidzakukaneni pamaso pa apongozi!

Ine ndimagulitsa m'golosale pa Mtunthama, ndiye nditakwatira Tiyamike wa ku Santhe, bambo ake analonjeza kutigawira munda, koma ankakayika ngati timanja tanga tofewati tingalime fodya. Ndinati ndikawaonetsa. Loweruka lina ndinalawirira kukathyola nawo fodya mame asanakamuke.

Kumundako ndinapeza onse atavala malaya aatali manja, ena atadzikulunga ndi mapulasitiki. Ndinaseka chamumtima. Amuna otani oopa mame? Ine vuleni shati, chifuwa pamtunda.

"Akamwini, valani malaya, fodyayu ngwonyowa," anatero apongozi.

"Musadandaule bambo, thupi langa ndimalidziwa."

Ndinayamba kuthyola mwamatama, masamba onyowawo ndikupanira kukhwapa, ena ndikukumbatira pachifuwa ngati mwana. Dzuwa litakwera, malovu anayamba kudzaza m'kamwa ngati ndaona bwemba, kenako thukuta lozizira, mtima gugugu, munda wonse n'kuyamba kuzungulira. Ndinauuza mtima kuti ufatse, sunamve. Ndinaiuza mimba kuti tili kwa eni, iyo inayankha ndi kubangula mpaka alamu anga pamzere winawo anacheuka. Kodi ziwalozi zimamvera ndani?

Ndinathamangira kuchigafa kuti ndikabisale kuseri, osadziwa kuti apongozi aakazi ali komweko akusoka fodya. Mwaulemu wanga ndinanyonyomala chapatali kuti ndipereke moni. Mayo ine! M'malo mwa moni panatuluka tiyi ndi mbatata yam'mawa, zonse khuthu pamulu wa fodya wosokasoka. Miyendo nayo inangoti zake zatha, ndinagwa chagada.

Anandikweza panjinga mpaka kuchipatala, Tiyamike akundigwira kumbuyo ngati thumba la feteleza. Manyazi ake ndinkalakalaka nthaka itandimeza. Namwino ankafotokoza akudziletsa kuseka.

"Abambo, m'thupi muli mitsempha ina yosadikira lamulo lanu. Ndiyo imayendetsa mtima, thukuta, malovu ndi matumbo, ngakhale muli mtulo. Chikonga cha fodya wonyowa chimalowera pakhungu n'kukaisokoneza. Inu mwaledzera fodya basi."

Apongozi aamuna, amene ndi mkulu wa mpingo, anali pomwepo akumva zonse.

"Paja pachinkhoswe ankhoswe anu anati simusuta?"

"Sindisuta, bambo."

"Zoona. Anzanu amasutira pakamwa, inu mwasutira kukhwapa."

Ndinadziwa kuti munda wapita. Koma patatha sabata anandiitana, n'kundilozera malire bwinobwino, kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa muwanga. Mtima unayambanso gugugu, ulendo uno chifukwa cha chimwemwe.

"Munda ndi uwu, akamwini. Koma chonde, muzidzalamo mtedza."

Mpaka lero ndikangoona munda wa fodya, ngakhale ndili m'minibasi, ndimamanga batani la pakhosi. Kuvulanso shati kwa apongozi, ine ayi, ndalapa!